CUKU CA KUSERI KWA KABATI

Caka ciri conse, mvula ikafika pakati, m'nyumba zambiri za mu Lusaka mumabuka mlandu umodzi womwewo. Bambo afuna kupita ku ukwati kapena ku maliro, atsegula kabati kuti aturutse suti imene anaibvala kotsiriza mu October, ndipo apeza kuti pa mapewa a jekete pamera zotuwa zonga ufa, nsapato zasanduka zobiriwira, ndi pfungo lace liri ngati la m'phanga. Pomwepo mau ayamba: "Amace mwana, kodi m'nyumba muno simusesa?" Mai nao, amene amasesa ndi kukolopa m'mawa uli wonse, napaka polishi kufikira pansi paoneka nkhope ya munthu, asowa poyankha. Akakankha kabati ija apeza khoma lonse la kuseri kwace lada bii, ndi thabwa la kumbuyo lafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi.

Koma mlandu umenewu si wa mai ai. Cuku, cimene ena amati nkhungu ndi ena nguwi, sicisankha nyumba yauve. Ciri camoyo, ca mtundu umodzi ndi bowa wa m'thengo. Timbeu tace, tosaoneka ndi maso, timauluka mu mpweya wa nyumba iri yonse, ya nduna ndi ya mlonda yemwe, ndipo palibe tsache lotha kutiturutsa tonse. Cakudya cace ciri pali ponse: thabwa, cikopa, thonje, pepala, guluu, ngakhale pfumbi lokhala pa penti. Kufunda kumene munthu akukonda ndi kumenenso cuku cikonda. Catsala cinthu cimodzi cokha cimene mwini nyumba angathe kucimana, ndico madzi. Pamalo pouma timbeu tija timangogona. Pamalo ponyowa timayamba kumera pa tsiku limodzi kapena awiri. Cotero wofuna kuthana ndi cuku asayambe ndi sopo. Ayambe ndi kufunsa kumene acokera madzi.

Lusaka si mzinda wa cinyezi caka conse monga Beira kapena Dar es Salaam. Uli pamtunda, mamita ngati 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kuyambira May kufikira October mvula sigwa, milomo ndi zidendene zing'ambika. Ici ndico cimanyenga anthu. Munthu alowa nyumba mu August, aona makoma ouma gwa, akankhira katundu yense kukhoma kuti pakati patsale poyenda, naiwala. Tsono mvula ya caka conse, mamilimita ngati 800, imagwa m'miyezi isanu yokha, ndi yocuruka igwa mu December, January ndi February. Pamenepo masiku angapite otsatana dzuwa losaoneka bwino, zocapa zosauma pa cingwe, ndi mcere wa m'mbale ucita madzi wokha.

Nthaka ya mzinda ionjezapo bvuto lace. Mbali yaikuru ya Lusaka, maka-maka pakati pa tauni ndi kumadzulo ndi kumwera kwace, yakhala pa thanthwe la laimu, lathyathyathya, la dothi locepa pamwamba ndi la ming'alu ndi mapanga m'kati. Njanji itafika mu 1905, mwala umenewu unapatsa nchito anthu ngati Marrapodi, Mtaliyana woocha laimu, amene dzina lace latsala pa komboni ina kumpoto kwa tauni. Koma dziko lotere liribe mitsinje yambiri yothamangitsa madzi. Mvula ikagwa, madzi alowa m'ming'alu, naidzaza, nayamba kukwera kufikira afika pafupi ndi mapazi a anthu. Ndico cifukwa cace Kanyama, Chawama ndi Misisi amasefukira kawiri-kawiri. Pamene boma linasamutsa likulu kucoka ku Livingstone mu 1935, linamanga maofesi ndi nyumba zace pa citunda ca kum'mawa, ku Ridgeway. Pambuyo pace nyumba za mabwalo akuru zinafalikira ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Masitolo ndi nyumba za anchito zinatsalira kunsi.

Njerwa ndi mabuloko zimayamwa madzi a m'nthaka monga cingwe ca nyali ciyamwa parafini. Mmisiri woona amayala pulasitiki yakuda yolimba pansi pa konkiriti, nayalanso ina m'khoma pang'ono pamwamba pa nthaka. Iyi ndiyo omanga amati DPC. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi wa nyumba yonse, koma popeza siioneka nyumba ikatha, ndiyo iyamba kusiyidwa ndarama zikacepa. Khoma lopanda DPC limadziwika: m'munsi mwace, kufikira ngati mita imodzi, penti imatukusira ndi kusupuka, pulasitala imafumbutuka, ndipo pamaoneka mzere wonga umene mtsinje usiya pa gombe ukaphwa. Zoyera zoturuka pamenepo si cuku, ndi mcere wa m'nthaka ndi wa m'njerwa. Ukazipaka madzi zisungunuka.

Njira ina ya madzi ndi yosabvuta kuimvetsa: lata lobooka, mng'alu wa m'khoma la kumene mvula imenya, paipi yodontha m'kati mwa cipupa. M'mafulati a ku Kabwata madontho a pansi pa bafa la banja la pamwamba amakaturukira ku denga la cipinda ca banja la pansi, ndipo anansi ambiri aleka kupatsana moni cifukwa ca ici. Banga la madzi otere liri ndi malo ace amodzi, ndipo limakula mvula ikagwa kapena wina akasamba.

Koma madzi ozunguza anthu koposa ndi amene sacokera pansi kapena pa denga, acokera m'nyumba momwemo. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, ndipo wofunda unyamula ambiri kuposa wozizira. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, ukafunda kufika madigiri 30, ungathe kusunga magalamu 30 a madzi, ndiwo masupuni a tiyi asanu ndi imodzi. Pa madigiri 20 usunga magalamu 17 okha, ndi pa madigiri 10 usunga 9. Mpweya wofunda ukakhudza cinthu cozizira, utula madzi amene sungathenso kunyamula. Ndiwo mame a pa udzu m'mamawa, ndilonso thukuta la botolo loturuka m'firiji. Botolo silinabooke, ndipo khoma locita thukuta silinabookenso.

Nanga madziwo alowa bwanji mu mpweya wa m'nyumba? Munthu wamkuru ali m'tulo amaturutsa, m'mpweya wa m'kamwa ndi m'thukuta, madzi okwana ngati kapu imodzi usiku umodzi. Anthu asanu ndi mmodzi m'cipinda cotseka, ndiwo makapu asanu ndi imodzi. Mphika wa nyemba wowira maora atatu wopanda cibvundikiro uonjezapo. Citofu ca parafini kapena ca gasi cimapanga nthunzi ya madzi poyaka. Ndi zocapa za banja zoyanikidwa pa mipando cifukwa kunja kuli mvula zimasiya malita a madzi m'cipinda. Madzi onse amene acoka m'bulangete ayenera kupita kwina.

Apita ku malo ozizira ndi opanda mphepo, ndipo m'nyumba mulibe malo otere oposa kuseri kwa kabati. Kabati yokanikizidwa kukhoma la kunja icita ngati bulangete loikidwa mbali yolakwa: iletsa kufunda kwa m'cipinda kufika pa khomalo, motero khoma la kuseri kwace lizizira kuposa lina lonse. Mpweya wa m'kampata kaja suyenda, ndipo cinyezi cikalowamo ciribe coicotsa. Sipafunika madontho ooneka ai. Pakangokhala cinyezi cambiri masiku otsatana, cuku cimera. Cimodzi-modzi kuseri kwa sofa, kumutu kwa bedi, pansi pa matiresi yoyalidwa pa simenti, ndi kuseri kwa cithunzi ca ukwati copacikidwa pa msomali.

Ku Kabwata, m'mbali mwa Burma Road, kukali nyumba zozungulira zofolera udzu zimene boma la atsamunda linamangira amuna obwera kudzagwira nchito m'tauni m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Zambiri zinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati, ndipo 43 zotsala zinasanduka Kabwata Cultural Village mu 1974. Palibe munthu wanzeru angazilakelake nyumba zimenezo, pakuti zinali zazing'ono ndi zosaganizira mkazi ndi ana. Koma pa nkhani ya cinyezi zinali ndi mwai umodzi: nthunzi inali kuturukira m'udzu, ndipo mwini wace analibe katundu woposa bokosi ndi mphasa. Nyumba ya mabuloko, ya mazenera agalasi ndi penti yamafuta, iri ngati mphika wobvundikira; ndi munthu akayamba kupeza bwino, ndi pamenenso agula zocingira makoma ace onse.

Mu 1996, pa ulamuliro wa President Chiluba, nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo. Anthu a ku Chelstone, ku Chilenje, ku Libala ndi ku Kabwata anakondwa, ndipo ndi cifukwa comveka. Ambiri anaonjeza zipinda, namanga zina kumbuyo za lendi, nazinga zonse ndi mpanda wa mabuloko. Zenera limene kale linali kuyang'ana pabwalo tsopano liyang'ana m'cipinda cina, kapena liyang'ana mpanda woima pafupi pakuti munthu angaukhudze ndi dzanja. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa makoma, timene amisiri amati maventi, tinatsekedwa ndi nyuzipepala poopa udzudzu, pfumbi ndi mphepo ya June. Mazenera amakhala otseka usana wonse poopa akuba, popeza onse apita ku nchito ndi ku sukulu. Ciri conse ca izi ciri ndi cifukwa cace cabwino, koma zonse pamodzi zatsekera madzi m'nyumba.

Asaganize wina kuti ili ndi bvuto la osauka okha. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands nyumba zambiri ziri ndi makabati omangidwira kukhoma, osasunthika, ndipo ena agundana ndi khoma la bafa. Mitengo ikuru-ikuru imene ikometsa mabwalo a kumeneko ibisa makoma ku dzuwa, ndi masamba ace atseka ngalande za pa denga kufikira madzi asefukira pa khoma. Cipinda ca alendo cingakhale cotseka miyezi itatu. M'tauni namonso, kumbuyo kwa masitolo a ku Kamwala ndi a m'Freedom Way, makatoni a nsaru ndi a nsapato ounjikidwa pa simenti ndi kukhoma amabvunda kuyambira m'munsi, mwini sitolo ali kuwerenga a pamwamba.

Makoma a nyumba sali ofanana. M'miyezi yozizira dzuwa la ku Lusaka limayenda cakumpoto, kotero khoma loyang'ana kumwera siliona dzuwa konse mu June ndi July, pamene usiku kuzizira kumatsika kufika madigiri 10 kapena kucepera. Ndico cifukwa cace nyumba zina zimacita cuku ngakhale m'cilimwe, mvula italeka kale. Kabati yaikuru isaime pa khoma limenelo ngati malo ena alipo. Malo ace abwino ndi khoma la m'kati, logawa zipinda, limene limafunda mbali zonse ziwiri.

Pali njira yapafupi yodziwira kumene acokera madzi. Munthu apukute khoma, amatepo kapulasitiki koonekera ka ukuru wa mbale, natseke m'mbali mwace monse ndi tepi, nakasiye masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, mbali ya m'cipinda, ndiye kuti ndi thukuta la mpweya, ndipo mankhwala ace ali m'manja mwa okhalamo. Akakhala m'kati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi ali kuturuka m'khomamo, ndipo nchitoyo ifuna mmisiri. Kuyesa kumeneku kwathetsa mikangano ya alendi ndi eni nyumba imene ikadafika patali, pakuti ali yense adzionera yekha.

Mankhwala oyamba safuna ndarama. Kabati, sofa ndi bedi zicoke kukhoma mpata wa masentimita 5 kufikira 10, wakuti dzanja la munthu wamkuru lipite kuseri mosakhula. M'cipinda cacing'ono mpata umenewo uoneka ngati kutaya malo, ndipo ana adzaikankhiranso kukhoma posewera. Kacidutswa ka thabwa koikidwa pansi kuseri kwa miyendo kaletsa zimenezo. Mpatawo usasanduke nkhokwe ya makatoni ndi mapulasitiki, cifukwa ukadzaza watha nchito. Pansi pafunikanso mphepo. Makabati akale a mukwa, mtengo umene ku Malawi amati mlombwa, anali ndi miyendo, ndi tsache linali kupita pansi pace. Ambiri a masiku ano ndi a matabwa a utuci womata ndi guluu, okhala pansi mwacindunji, ndipo thabwa lotere likamwa madzi lifufuma osabwereranso. Njerwa zinai kapena timatabwa pansi pa ngondya zace zitalikitsa moyo wace. Matiresi isagone pa simenti usana. Iimikidwe, ndi tsiku la dzuwa ituruke.

M'kati mwa kabati zobvala zisapanikizane, ndipo cobvala ca thukuta kapena cosauma bwino cisalowemo. Zitseko zace zitsegulidwe pamene mazenera ali otsegula. Nthawi yabwino yopititsa mphepo ndi dzuwa litakwera, zenera ndi citseko zoyang'anana zitatsegulidwa pamodzi. Theka la ora lotere liposa zenera limodzi lotsegulidwa pang'ono tsiku lonse. Maventi atsegulidwe, ndi pamalo pa nyuzipepala paikidwe waya wa udzudzu. Zocapa ziume pakhonde, ngakhale zitenge masiku awiri. Masatifiketi, makalata a nyumba ndi zithunzi, zimene sitolo iri yonse sigulitsa, ziumitsidwe bwino, zitsekeredwe m'cotengera ca pulasitiki cotseka ndithu, ndi kukhala pamwamba, kutali ndi khoma la kunja.

Alipo makina amagetsi oyamwa cinyezi, ndipo amagwiradi nchito m'cipinda cotseka. Koma ndi okwera mtengo, ndipo anthu a mu Lusaka sanaiwale caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndi magetsi anali kuzima mbali yaikuru ya tsiku. Makala kapena mcere woikidwa m'citini m'kabati uyamwa pang'ono cabe; suumitsa khoma. Ndipo pali cinthu cimodzi coyenera kunenedwa mwamphamvu: mbaula isalowetsedwe m'cipinda cotseka kuti iumitse makoma kapena zobvala. Makala oyaka amaturutsa mpweya wakupha wopanda pfungo ndi wopanda mtundu, umene ugoneka munthu tulo tosauka nato.

Cuku cimene camera kale cicotsedwe mosamala. Katundu wonyamulika aturutsidwe panja. Wogwira nchitoyo amange nsaru kapena masiki pamphuno, abvale magolovesi, natsegule mazenera. Ana ndi odwala cifuwa akhale kutali. Asakwecese pouma ndi burashi, cifukwa kutero ndi kufesa timbeu m'nyumba monse. Apukute ndi nsaru yonyowa ya madzi a sopo. Pa khoma ndi pa simenti angatsatize ndi Jik, kapu imodzi m'malita anai a madzi, koma Jik asasanganizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, pakuti pamaturuka mpweya woocha mapapo. Pambuyo pace malowo aume ndithu kabati isanabwerere. Zobvala zicapidwe, ziyanikidwe padzuwa, zisitidwe. Matiresi ya siponji imene cuku calowa m'kati mwace siitsukika, ndipo kuitaya kupweteka pang'ono kuposa kugonekapo mwana. Kupaka penti pamwamba pa cuku ndi kubisa cabe: mwezi usanathe mawanga aturukanso. Anthu akale opaka laimu caka ndi caka anali kucita bwino kuposa umo anadziwira, popeza cuku sicikonda laimu, ndi laimu alola khoma kuuma. Penti yamafuta pa khoma lonyowa itsekera madzi m'kati.

Cifukwa ca kusamala konseku si suti yokha. Mu 2009 bungwe la World Health Organization linaturutsa malangizo a za cinyezi ndi cuku m'nyumba, litapeza kuti okhala m'nyumba zotere amabvutika kawiri-kawiri ndi kutsokomola, kulira kwa m'cifuwa, cimfine cosatha ndi mphumu. Mwana wotsokomola usiku uli wonse wa dzinja, nakhala bwino akapita kumudzi kwa agogo, apite ku cipatala, koma wina ayang'anenso kuseri kwa bedi lace. Amuna a ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, amene mapapo ao analowa pfumbi la mwala, ayenera kucenjera koposa, pamodzi ndi onse amene anadwalapo cifuwa cacikuru ca TB. Nthenda imeneyi imasiya mphako m'mapapo, ndipo mtundu wina wa cuku, dzina lace Aspergillus, ungamere m'mphakomo. Wodwalayo atsokomola, aonda, nthawi zina alabvula magazi, ndi anthu ayesa kuti TB yabweranso. Munthu wotere asakhale ndiye wokweca khoma.

Thumba la ufa, la cimanga kapena la nsawa lotsamira khoma lonyowa liri ndi ngozi yace-yace. Abale ena a Aspergillus yemweyo amapanga poizoni wochedwa aflatoxin, amene aononga ciwindi ndi kubweretsa khansa, ndipo kuphika sikumupha. Anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nsawa zacuku. Mu August 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agaru pafupi-fupi 400 anafa ndi poizoni yemweyo wa m'cimanga, ndipo ufa wina unacotsedwa m'masitolo. Thumba la cakudya likhale pa matabwa, losakhudza khoma kapena simenti. Ndi ufa wa pfungo la cuku usapatsidwe munthu, nkhuku kapena garu.

Nchito ya mmisiri iri ndi nyengo yace, ndiyo August, September ndi October, pamene makoma auma ndi malata akwereka. Pamenepo ndi pomata ming'alu, posintha misomali ya denga, poyeretsa ngalande, ndi podula nthambi zogona pa nyumba. Dothi la kunja likhale pansi pa DPC masentimita 15, ndiwo mizere iwiri ya njerwa; maluwa obzalidwa mogundana ndi khoma ndi kuthiriridwa madzulo ali onse amakweza dothi ndi kumwetsa nyumba madzi caka conse. Konkiriti yozungulira nyumba ipendekere kunja, kuti madzi a pa denga athawe khoma.

Wofuna nyumba ya lendi m'cilimwe alibe mvula yomuonetsa zoona, koma zizindikiro zimatsala. Ayang'ane m'munsi mwa makoma ngati penti yatukusira, kapena ngati papakidwa yatsopano kufikira m'ciuno mokha. Atsegule makabati omangidwira kukhoma, nanunkhize. Aone ngondya za denga ndi kuseri kwa citseko ca bafa. Ndipo asanapereke ndarama afunse mai wa nyumba yoyandikana kumene madzi amaima pabwalopo mu February.